Tsabola wa pa Paipi Yofunda

McFarland, California
8 Malichi 2015

Wokondedwa Herlinda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi amayi, ndiponso mlendo wathu wam'mimbayo. Ine ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula. Nkhani ya mimbayo unandiuza pa foni ngati ukunena mtengo wa sopo, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Mayi Eufrosina anali chilili pambali pako, khutu lili tcheru. Foni ya mudzi wonse ili m'sitolo mwawo, ndiye tingawatani? Zenizeni ndizilemba m'makalata, a Crisóforo azikupatsira pamanja akamabwera ndi katundu wa anthu mwezi ndi mwezi.

Ntchito ndaipeza. Ndine wothirira m'munda wa manachesi, waukulu moti ukaima pakati sudziwa komwe wachokera. Madzi amayenda m'timapaipi takuda, ine kwanga n'kuyenda mzere ndi mzere kuona pomwe patseka ndi pomwe agologolo aluma. Ndimagwira ndi a Nabor, bambo wa kwathu konkuno amene wakhala kuno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndiwo andipezera pogona.

Mvula kuno yakana chaka chachinayi. Eni minda ena akuzula mitengo, koma wathu uli biriwiri, ndipo ukamva komwe madzi akuchokera useka. Kum'mawa kwa mundawu kuli zitunda zodzaza mijigo yopopa mafuta, imangogwedeza mitu tsiku lonse. A Nabor akuti mjigo ukatulutsa ndowa imodzi ya mafuta umatulutsanso ndowa khumi za madzi. Madziwo amawasefa, akuti ndi makoko a mtedza, kenako amadzera m'chipaipi chachikulu mpaka pa damu, kumene amawasakaniza ndi a mumtsinje asanalowe m'ngalande. Ndinafunsa kuti, "Nanga manachesiwo sanunkha dizilo?" Iwo anati, "Iwe wakumapiri, ulawe kaye usanayambe mwano. Azungu akhala akudya zaka makumi awiri, unaonapo wina akuyaka moto?"

Chipaipi chija chimadutsa pakona ya gawo langa, kuseri kwa kanyumba ka injini, ndipo pali polumikizira pena pamadontha. Madzi ake ndi ofunda, Herlinda! Ofunda ngati a pa kasupe uja amayi amakaviikapo mawondo. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti madzi otuluka pansi ali ofunda ndi mankhwala. M'mawa kukazizira ndimaviikamo manja. Njere za tsabola wa malemu bambo ako, zija unandisokerera mu kolala ya jekete, ndazifesa pomwepo kuti chisanu chisazipweteke. Kumeneko sikufika munthu.

Ndatumiza madola mazana awiri. Ugule malata awiri a pakhitchini, ndipo nkhuni usanyamulenso, uwauze amayi kuti ndanena ine.

Ndine mwamuna wako,
Eleuterio

McFarland
17 Meyi 2015

Wokondedwa Herlinda,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa uyo ukuti wayamba kumenya mateche. Ine ndili moyo. Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo.

Za matalala zandiwawa. Dimba lonse la tsabola kupita masana amodzi! Ndiye ukuti mimba yakukanitsa nyemba, yakukanitsa mazira, ikungofuna tsabola wa bambo ako, ndipo wa pa msika wa ku Tlaxiaco ukuti akukoma ngati udzu. Mwanayu watengera agogo ake asanabadwe, adzakhala wovuta pa chakudya. Koma usalire. Mbewu ya bambo ako sinathe, ili kuno. Mitengo makumi anayi ndi itatu, yofika m'mawondo, maluwa ali mbuu. Tsiku lililonse ndimatunga ndi kachitini pa paipi yofunda ija n'kuthirira mtengo uliwonse. Sindinaonepo tsabola wokula msanga chonchi.

Nthaka yozungulira pamenepo yachita nkhungu yoyera ngati mchere, ndipo pachithaphwi nthawi zina pamayandama kamafuta konyezimira. Ndimakakankhira pambali ndi chitini n'kutunga apansi. Khungu la pakati pa zala likusupuka, koma a Nabor akuti wothirira aliyense amatero chaka choyamba.

Mnzathu wina wa m'gawo la kumpoto sanabwere kuntchito Lolemba. Galimoto yake inapezeka m'mbali mwa msewu, chitseko chili chotsegula, chakudya chake chili pampando. Kapitawo wathu, a Rigoberto, sanafunse n'komwe, anangoika wina. Ifenso sitikamba. Amene tilibe mapepala okhalira m'dziko muno timayenda maso ali pansi, ndipo ine kupatula kuntchito ndi kusitolo sindipita kwina. Izi usawauze amayi.

Nsapato za mwana ndaziona pa madola asanu ndi anayi. Ndinazigwira, ndinazibwezera, sindidziwa ngati ndigule zofiira kapena zabuluu. Denga lija lakhomedwa?

Wako,
Eleuterio

McFarland
12 Julayi 2015

Wokondedwa Herlinda,

Ndikupatsa moni ndi manja onunkha tsabola. Ndikhulupirira miyendo yasiya kutupa. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha moti timayamba ntchito kusanawale bwino, pofika masana galu sayenda pamsewu.

Tsegula thumba la nsalu lomwe a Crisóforo akupatse pamodzi ndi kalatayi. Ndi yemweyo, wa bambo ako, wofiira, wouma gwa. Ndinamuyanika padenga la nyumba yomwe timagona, masiku asanu ndi limodzi basi. Ndikulumbira kuti sindinalawe ngakhale mmodzi. A Nabor anandinyengerera sabata yonse. "Aphwanga, awiri okha, ndiike mu nyemba. Kodi mkazi wakoyo adya thumba lonse?" Ine ndinati, "Achimwene, amene ali ndi mimba ndi Herlinda, yanuyo ndi ya mowa." Anaseka mpaka kutsokomola. Uwotche pa chiwaya, usinje ndi tomato monga ankachitira bambo ako, udye mpaka mtima ukhale pansi. Njere usunge. Mitengo ikuberekabe, thumba lachiwiri libwera mu Sepitembala.

Kuno kwabwera tinkhani. Anthu ena akumaima pa mlatho wa ngalande ndi timabotolo, akutunga madzi. Pa wailesi ya Chisipanishi akuti a kampani ya mafuta amathira mankhwala m'zitsime zawo, ndipo ena mwa mankhwalawo satchula maina ake. A Rigoberto anatisonkhanitsa pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Madzi a m'ngalande amayezedwa mwezi uliwonse, ndi abwino. Aliyense amene ndimuone akulankhula ndi anthu amabotolowo, mawa asavutike n'kudzuka." Ine zimenezo ndaziona kuti n'za eni minda ndi maloya awo. Ife tili ndi zathu.

Nsapato ndagula zachikasu, kuti zisalakwe. Zili pansi pa thumbalo.

Ndine wako,
Eleuterio

McFarland
9 Ogasiti 2015

Herlinda,

Ndikhulupirira uli bwino. Mulungu achite kuti ukhale uli bwino. Ine thupi lili bwino koma mtima suli m'malo.

Lachinayi pa foni ndinakuuza kuti usiye kudya tsabola uja. Unafunsa kuti chifukwa chiyani, ine ndinangoti, "Ndanena basi." Ndinamva kuti wakhumudwa. Ndinamvanso mayi Eufrosina akusuntha mpando kuyandikira, ndiye chifukwacho ndinachimeza. Ndinaopa kuti pofika madzulo mudzi wonse ukhala ukunena kuti Eleuterio watumizira mkazi wake wapakati zinthu zoipa. Tsopano werenga uli wekha.

Lachitatu injini ya m'gawo langa inavuta, a Nabor anabwera kudzandithandiza. Aka kanali koyamba kuti afike kuseri kwa kanyumba kaja. Anaona tsabola, anaona chitini, anaona paipi ikudontha. Kenako anati, "Eleuterio, umathirira ndi ati?" Ndinaloza. Anavula chipewa. Anati, "Mayo ine. Ine ndimayesa umapatutsa a m'timapaipi." Ndinati, "Si omwewo? Munanena nokha kuti amasefedwa." Iwo anati, "Amasefedwa, inde, koma awa sanafike pa damu. Pa damu m'pamene amayengula mafuta otsala, m'pamene amathira a mumtsinje, m'pamene amayeza. Amene amayezedwa ndi a m'ngalande. Awa sanawalole kuti akhudze chakudya cha munthu." Ndinati, "Koma ndi ofunda, achimwene." Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Afunda chifukwa amapopera nthunzi pansi kuti mafuta asungunuke. Si kasupe wa amayi ako uyu."

Herlinda, miyezi isanu ndakhala ndikuthirira ndi manja angawa. Ndinkaona kamafuta kaja, ndinkakakankhira pambali. Sindikudziwa ngati muli kanthu mu tsabolamo. A Nabor nawonso sakudziwa. Akuti mwina mulibe, akuti mtengo sumwa chilichonse chomwe wapatsidwa. Koma mwina ndi mawu oti munthu sangagonere pamene mwana ali m'mimba.

Thumbalo ulimange, uliike pamwamba, usataye poti nkhuku zingatole. Njere usafese. Ukamva chilichonse chachilendo, mutu, chizungulire, mwana kuchepetsa mateche, upite kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire galimoto ya Loweruka. A Crisóforo anyamuka mawa, akuti masiku khumi akhala atafika. Ndiziwerenga masikuwo.

Undikhululukire,
Eleuterio

McFarland
6 Sepitembala 2015

Wokondedwa Herlinda,

Moni. Ndamva mawu ako dzana, ndiye ndikudziwa kuti ukuyenda, ukudya, mwana akusuntha. Ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho.

Kalata yako, ija unapatsira mphwake wa a Nabor, inandipeza ndikuyesa kuti yanga unawerenga kalekale. Sindinadziwe kuti galimoto ya a Crisóforo inafera panjira, n'kukhala milungu itatu kudikira chitsulo. Ndinatsegula yako ndikumwetulira. Unalemba kuti iwe ndi amayi munaseka za foni ija. Amayi anati mwamuna ali kutali sangalamule mphika, ndipo mayi wapakati akamanidwa chomwe mtima wake wafuna mwana amabadwa ndi chibadwa chofiira pankhope. Unalemba kuti ukudya atatu tsiku lililonse, m'mawa, masana, madzulo, ndipo ukamadya umamva ngati ndakhala nawe pamkeka. Ndinawerenga pamenepo ndili chiimire, ndinabwerezanso kawiri.

Sindikukuimba mlandu, ngakhale amayi. Ndikanakhala ine ndikanaseka chimodzimodzi. Wolakwa ndi amene anali ndi foni m'manja, chifukwa chili pakamwa, n'kuchimeza poopa nkhalamba ya m'sitolo. Milungu inayi yathunthu unadya chifukwa cha manyazi anga. Dzana ndinanena zonse mokweza, mayi Eufrosina amve, alengeze ndi pa chimkuzamawu chawo ngati akufuna. Ukuti anthu ayamba kale kukuyang'ana pamimba kutchalitchi. Asiye ayang'ane. Ukutinso m'thumba mwatsala odzaza dzanja limodzi.

Mitengo ija ndazula. Thumba lachiwiri, lomwe ndinayanika kale, lili pansi pa bedi, sindikudziwa chochita nalo.

Pali mayi wina mwa anthu amabotolo aja, dzina lake Araceli, amagwira ku yunivesite. Makolo ake ndi a kwathu, ankathyola mphesa konkuno. A Nabor akuti akhoza kuyeza tsabolayo, koma afuna aone malowo, atenge dothi ndi madzi. Malowo ali m'kati mwa munda, ndipo a Rigoberto unamva zomwe ananena. A Nabor akuti, "Ganiza bwino, aphwanga. Ntchito yothirira ndi ya chaka chonse, sipezeka pamsewu. Ndipo munthu wopanda mapepala dzina lake likalowa m'buku la aliyense, sadziwa komwe likathere." Ndikuopa, Herlinda, sindikubisira. Ndikaona galimoto yoyera yaima kutsogolo kwa nyumba, ndimayesa ndi apolisi ogwira anthu opanda mapepala. Koma dokotala wa ku Tlaxiaco akakufunsa kuti munadya chiyani, uyenera kukhala ndi choyankha.

Ndatumiza madola mazana atatu. Usagwiritse ntchito pa china, ndi a galimoto ndi chipatala.

Wako nthawi zonse,
Eleuterio

Arvin
27 Sepitembala 2015

Wokondedwa Herlinda,

Ndikhulupirira uli bwino pamene masiku ayandikira chonchi. Ine ndili bwino. Usadabwe ndi dzina la tauni pamwambapo, ndasamuka. Tsopano ndikuthyola mphesa zomaliza, amalipira pa bokosi. Zikatha mwezi wamawa ndiona.

Ndinapita naye Araceli Lamulungu masana, poyesa kuti kulibe munthu. Ndi mtsikana wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Anavala magolovesi asanagwire madzi omwe ine ndakhala ndikusambamo m'manja. Anatenga dothi, madzi, ndi tsabola makumi awiri. Anaona zala zanga, anafunsa kuti mkazi wanga ali ndi miyezi ingati, ndipo ndinamuuza. Dzina langa sanalembe, anati alemba nambala. Tikutuluka tinakumana ndi galimoto ya a Rigoberto pa geti.

Sanakalipe. Anati, "Eleuterio, unali wantchito wabwino. Ukanandiuza ine za paipiyo, ndikanaitseka mwakachetechete." Ndinati, "Bwana, kutseka paipi sikukanandiuza zomwe mkazi wanga wadya." Anayang'ana kumbali, anati, "Ndili ndi ana anayi, mnyamata. Ukatenge jekete yako." Paipiyo akuti anaikonza m'mawa mwake, ndipo pamalo paja anathirapo miyala. A Nabor sanawachotse. Amabwera Lamulungu kudzandiona, ndiwo andibweretsere kalata zako.

Zotsatira akuti milungu inayi kapena isanu. Ndiye kuti mwana afika zisanatuluke.

Tsono mvera. Ndikudziwa amayi akufuna uchirire kunyumba ndi azamba monga anachitira iwo. Ulendo uno ayi. Upite ku Tlaxiaco sabata isanakwane, ukakhale kwa azakhali ako pafupi ndi chipatala. Tsabola wotsala uja upite naye, umuonetse dokotala, umuuze zonse osachita manyazi ngati mwamuna wako. Mwana akabadwa umuyang'ane wekha, usadalire anamwino. Zala, maso, m'kamwa, kumsana. Uombe m'manja pafupi ndi khutu uone ngati adzidzimuka. Ndipo pa foni undiuze zoona, kaya pali ndani pambali.

Ine amene ndikudikira,
Eleuterio

Arvin
1 Novembala 2015

Wokondedwa Herlinda, mayi wa Amalia,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa mwana wanga wamkazi amene ndamuona pa chithunzi chokha. Ine ndili bwino. Chithunzicho chili m'thumba la malaya, chayamba kale kufewa ndi thukuta. Ukuti anabadwa wochepa thupi koma akuyamwa mwaukali, zala zonse zilipo, ndipo chitseko chikamenyeka amadzidzimuka n'kulira. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale kumva kuti mwana akulira. Uwauze amayi kuti ndamva, pankhope palibe chibadwa, apambana iwo.

Pepala la Araceli lafika, ndaliika m'kalata muno. Lili m'Chingerezi, ulisunge pouma pamodzi ndi khadi la mwana. Anandiwerengera yekha mzere ndi mzere. M'dothi anapezamo mchere wambiri ndi zotsalira za mafuta. Mu tsabola, pa zinthu zomwe amadziwa kufufuza, anapeza tochepa kwambiri, tina sitinaoneke n'komwe. Ndinayamba kupuma. Kenako anati, "Bambo Eleuterio, sindikunamizani. Pali mankhwala ena omwe sitinauzidwe maina ake, ndipo chinthu chomwe sudziwa dzina lake sungachifufuze. Sindinganene kuti muli poizoni. Sindinganenenso kuti mulibe." Ndinati, "Nanga tidzadziwa liti?" Anati, "Mwina sipadzaoneka kanthu mpaka kalekale. Muzingomuyang'anira mwanayo akamakula."

Ndiye ntchito ija ndinaitaya kuti ndigule mawu amenewo. Sindikudandaula, koma ndinatuluka mu ofesi muja ndili ndi mantha omwe ndinalowa nawo. Amalia akadzachedwa kuyenda, tidzati ndi tsabola. Akadzatsokomola, tidzati ndi tsabola. Ndipo dokotala adzafunsa kuti chimayamba bwanji, ife osadziwa.

Tsono ndikuuze zomwe ndikuchita, ndipo usandiletse. Thumba lachiwiri lija sindinataye. Iwe unkadya atatu pa tsiku, ine ndikudya asanu ndi mmodzi, kuyambira tsiku lomwe pepalali linafika. Manja anga anayamba kale kumwa madziwo mu Malichi, ndiye ndili patsogolo panu nonse awiri. Ngati muli kanthu, kayambire pa ine. Chilichonse chomwe ndimve m'thupi ndizikulembera ndi tsiku lake, kuti chikadzafika kwa inu mudzakhale mutachidziwa kale, dokotala adzapeze poyambira. A Nabor akuti ndapenga, akuti thupi la munthu siliyenda choncho. Mwina akunena zoona. Koma palibe wina wandipatsa chochita, ndipo kungokhala sindingathe.

Mawa ndi tsiku la akufa, ndikudziwa mwayala kale maluwa pa tebulo lokumbukira malemu bambo ako. Uwauze kuti mbewu yawo ndinaisamala momwe ndinkadziwira.

Unanena zoona, Herlinda, wa pa msika ndi udzu. Uyu ndi wokoma. Ndimamuwotcha pa chiwaya, ndimasinja ndi tomato, ndipo ndikamadya misozi imatsika. A Nabor amayesa ndi ukali wa tsabola.

Undipsompsonere Amalia pachipumi. Undilembere ngakhale atangoyetsemula.

Ndine mwamuna wako,
Eleuterio